Taima, Wi-Fi, Zigbee kapena SIM khadi: kusankha zida zodziyendetsa zokha m'nyumba yomwe magetsi amathimathima

Otsatsa zida zamakono za m'nyumba amajambula nyumba yomwe magetsi sathima, intaneti siithera pakati pa mwezi, ndipo madzi amatuluka pampopi usana ndi usiku. M'nyumba yotero chida chilichonse chimaoneka chanzeru. Kwathu kuno chida chiyenera kuyesedwa ndi funso lina: magetsi a ESCOM akathima m'bandakucha n'kubwera masana, bandulo n'kutha tsiku lomwelo, chidacho chichita chiyani? Chipitiriza ntchito, chiima chilili, kapena chiyatsa giza pa nthawi yolakwika n'kumaliza mayunitsi? Amene anali ku Malawi mu 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, akudziwa kuti funsoli si lamasewera. Anzathu a ku Zambia anaziona mu 2024 madzi atachepa ku Kariba.

Ntchito zomwe anthu ambiri amafuna kuti zizichitika zokha ndi zochepa: giza aziyaka nthawi yake, pampu izidzaza thanki osasefukira, magetsi a panja aziyaka kukada, geti lizitseguka, firiji isapse magetsi akabwera mwamphamvu, ndi kuona pakhomo uli kutali. Njira zochitira zimenezi zilipo zinayi, ndipo yachisanu, Matter, ikubwera kumene.

Zida zosafuna intaneti n'komwe

Anthu amazipeputsa chifukwa sizilumikizana ndi foni, komatu ntchito zambiri zimathera pomwepa. Tiyambe ndi giza, popeza ndiye amadya mayunitsi kwambiri. Giza wa malita 150 nthawi zambiri amakhala ndi element ya mawati 3,000. Kutenthetsa madziwo kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumafuna mayunitsi pafupifupi 7, ndipo kumatenga maola awiri ndi mphindi 20. Akasiyidwa woyaka tsiku lonse, amazizira pang'onopang'ono n'kumadziyatsanso, ngakhale pakhomo palibe wosamba. Taima yoikidwa m'bokosi la DB, lomwe limagawa magetsi m'nyumba, imathetsa zimenezi: kuyatsa 4 koloko m'mawa, kuzimitsa 6 koloko, n'kubwerezanso madzulo ngati m'banjamo amasamba kawiri. Musatsitse thermostat, kachida kolamulira kutentha kwa madzi, kuchoka pa madigiri 60 pofuna kupulumutsa mayunitsi, chifukwa m'madzi ofunda chabe mumaswana tizilombo ta Legionella toyambitsa chibayo.

Mataima alipo amitundu iwiri, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa. Yozungulira ija, yokhala ndi timano tomwe kalikonse kamaimira mphindi 15, imayendetsedwa ndi kamota kakang'ono. Magetsi akathima maola asanu, nayo imaima maola asanu, ndiye giza woyenera kuyaka 4 koloko amayaka 9 koloko, anthu atapita kale kuntchito. Mawa akathimanso, nthawi imasokonekera. Gulani ya manambala yokhala ndi kabatire mkati, kapena yozungulira yomwe palembedwa kuti imasunga nthawi magetsi akathima.

Pa thanki, float switch imagwira ntchito yomwe foni singaipose. Ndi kachidebe koyandama komangidwa pa chingwe: madzi akatsika kamawerama n'kuyatsa pampu, akadzaza kamadzuka n'kuzimitsa. Vuto lomwe limapha mapampu ambiri ndi kupopa mphepo, pamene madzi a Water Board asiya kapena chitsime chatsika koma pampu ikuzungulirabe. Imatentha, chisindikizo chake cha mkati n'kupsa. Choncho pafunika float yachiwiri m'thanki ya pansi, yolumikizidwa motsatizana ndi yoyamba, kuti pampu iziyaka pokhapokha pamwamba pakufunika madzi ndipo pansi alipo. Magetsi a panja amangofuna kachida koona kuwala, koikidwa poti babu lomwe kakuyatsalo lisakaunikire, apo ayi limaphethira usiku wonse. Firiji imafuna fridge guard, monga za Sollatek, yomwe imadikira mphindi zingapo magetsi akabwera isanalole kompuresa kuyamba.

Chosowa pa njira iyi n'chakuti simungaone kapena kusintha kanthu muli kutali, komanso siikuuzani mayunitsi omwe chida chadya.

Zida za Wi-Fi

Izi ndiye zofala ndi zotsika mtengo: mapulagi, maswichi ndi mababu a Sonoff oyendera app ya eWeLink, zida za mayina ambirimbiri zoyendera Tuya kapena Smart Life, ndi Shelly ya ku Bulgaria. Sizifuna china kupatula rauta yomwe muli nayo kale. Kwa munthu wofuna zida zitatu kapena zisanu, njira yachangu ndi imeneyi.

Pafupifupi zonse zimagwira Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha. Rauta yanu ikaphatikiza 2.4 ndi 5 GHz pa dzina limodzi, kulumikiza koyamba kumakanika kawirikawiri, ndipo munthu amabweza chida chabwinobwino kusitolo. Lowani m'makonzedwe a rauta, muzimitse 5 GHz kwa kanthawi kapena muipatse dzina lina, mulumikize chidacho, kenako muyatsenso.

Nkhani yaikulu ndi njira yomwe lamulo lanu limadutsa. Mukadina batani pa foni kuti babu la pabalaza liyake, pa zida zambiri uthengawo umapita kaye ku makompyuta a kampani kunja kwa dziko, kenako n'kubwerera ku babu lomwe lili masitepe atatu kuchokera pomwe mwakhala. Bandulo ikatha, njirayo yaduka. Shelly iliyonse ya Wi-Fi ili ndi katsamba kakekake komwe mumakatsegula pa foni kudzera pa rauta popanda intaneti, ndipo Sonoff zambiri zili ndi LAN mode, yomwe nayo imalola foni kulamula chida kudzera pa rauta popanda intaneti. Zida za Tuya zimasiyanasiyana, ndiye funsani musanalipire.

Kudalira kampani kuli ndi ngozi ina yomwe inachitikapo kangapo. Mu 2016 Nest, kampani ya m'banja la Google, inatseka makompyuta oyendetsa hub ya Revolv, kabokosi kolamulira zida za m'nyumba, ndipo chida chomwe anthu anagula ndi ndalama zambiri chinangosanduka chokongoletsa pashelefu. Mu 2020 Wink inauza makasitomala ake kuti ayambe kulipira mwezi ndi mwezi kapena zida zisiye kugwira ntchito. Mu April 2022 Insteon inazimitsa makompyuta ake osachenjeza aliyense. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: app yokongola ija ndi ya eni ake, ndipo tsiku lomwe atope nayo sadzakufunsani.

Kuthima kwa magetsi kumabweretsa mavuto atatu omwe salembedwa pa katoni. Loyamba ndi la nthawi. Zida zambiri zotchipa zilibe wotchi ya batire, zimafunsa nthawi pa intaneti. Magetsi akabwera intaneti palibe, chidacho sichidziwa kuti ndi nthawi yanji, ndipo ndandanda yomwe munaika siiyenda. Lachiwiri ndi mmene chimadzukira. Mu app muli poti musankhe ngati chida chizidzuka choyaka, chozima, kapena mmene chinalili magetsi asanathime. Pa ayironi, hita ndi pampu sankhani chozima. Pa firiji ndi magetsi a chitetezo sankhani choyaka. Mababu ambiri anzeru amadzuka owala kwambiri, ndiye magetsi akabwera 2 koloko usiku, chipinda chonse chimangoti ngwee, ana n'kudzuka. Lachitatu ndi mpikisano ndi rauta: pulagi imadzuka m'masekondi ochepa pamene rauta ya 4G imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo zida zina zikafufuza Wi-Fi n'kuisowa zimachedwa kuyesanso.

Mankhwala a mavuto ambiriwa ndi ka UPS kakang'ono ka 12V, kabokosi ka batire kopatsa rauta mphamvu magetsi akathima. Rauta imadya pafupifupi mawati 10. Batire ya 12V 7Ah, yofanana ndi ya mota ya geti, imasunga mawati-ola 84, koma ya mtovu simuyenera kuikama kupitirira theka, ndiye werengerani maola anayi. Ya lithium ya kukula komweko imapirira kukamidwa tsiku ndi tsiku.

Tsopano za moto weniweni. Pulagi yathu ya mano atatu amakona ili ndi fyuzi ya 13A, ndiye pa mavoti 230 malire ake ndi mawati pafupifupi 3,000. Sonoff Basic inalembedwa 10A, kutanthauza mawati 2,300. Giza amakoka 13A kwa maola awiri osapuma. Mukamulumikiza pa relay yaing'ono yotero, kaswichi ka mkati mwa chida chanzerucho, polumikizira mawaya pamatentha, pulasitiki imachita bii n'kuyamba kununkha, kapena timano ta relay timawotcherana n'kukana kuzima ngakhale app ikunena kuti yazima. Pampu nayo poyamba kuzungulira imakoka mphamvu yoposa kasanu yomwe imakoka ikamayenda. Njira yolondola ndi contactor ya 25A, swichi yaikulu yopangidwira katundu wolemera, m'bokosi la DB: chida chanzerucho chimangoyatsa koilo ya contactor, yomwe imafuna mphamvu yochepa zedi, ndipo contactor ndiyo imasenza katundu. Imeneyi ndi ntchito ya mmisiri wa magetsi wovomerezeka.

Maswichi a pakhoma ali ndi msampha wawo. M'nyumba zambiri zomwe mawaya anayalidwa mwa Chingelezi, kuseri kwa swichi kulibe waya wa neutral, wobwererapo magetsi, koma swichi yanzeru imaufuna kuti izikhala maso babu likazima. Zilipo zosafuna neutral, zomwe zimadontheza kamphamvu kudzera m'babu, koma ndi mababu a LED a mawati ochepa zimachititsa kuphethira kapena kuwala kwa mbuu usiku. Kuika capacitor yomwe amaperekera limodzi, pa babu pomwepo, kumathandiza. Tsegulani swichi imodzi, mutazimitsa pa DB, muone mawaya musanagule khumi.

Achibale akafuna kukutumizirani zidazi kuchokera kunja, auzeni bwino. Za ku Britain zimalowa m'masoketi athu mwachindunji. Za ku Johannesburg zimakhala ndi mano ozungulira, ndipo adaputa yolendewera pa katundu wolemera ndiyo imayamba kupsa. Mapulagi ndi mababu ambiri a ku America ndi a mavoti 120.

Zigbee ndi hub ya m'nyumba

Zida zikapitirira khumi ndi zisanu, kapena mukafuna masensa a pa zitseko ndi mawindo, Wi-Fi imayamba kulemedwa, makamaka pa marauta aang'ono ndi ma MiFi omwe amalola zida zowerengeka. Zigbee, njira ina yolumikizira zida popanda mawaya, inapangidwira zimenezi. Imatumiza timauthenga tating'ono pa 2.4 GHz, pa liwiro la 250 kbit pa sekondi, ndipo imadya mphamvu yochepa moti sensa ya pachitseko imatha chaka kapena kupitirira ndi kabatire kamodzi konga kandalama. Zida za Philips Hue, IKEA, Aqara ndi Sonoff zina zimayendera njira imeneyi.

Ubwino wake wina ndi kupatsirana. Chida chilichonse cha Zigbee cholumikizidwa ku magetsi, monga pulagi, chimalandira uthenga n'kuupereka kwa chinzake. M'nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, yokhala ndi boys' quarters kuseri, mapulagi awiri kapena atatu oikidwa m'njira amafikitsa uthenga komwe Wi-Fi siifika. Koma taonani zomwe zimachitika magetsi akathima: mapulagi onse opatsirana aja amafa nthawi imodzi, masensa a batire n'kutsala amasiye, akufufuza kholo lomwe kulibe. Kufufuzako kumakama mabatire, ndipo sensa yoyenera kutha chaka imatha m'miyezi yochepa. Ngati muli ndi inveta, ikani hub ndi mapulagi angapo opatsirana pa mzere wa inveta. Ngati mulibe, hub ikhale pakatikati pa nyumba, pa UPS, kuti masensa ofunika azilankhula nayo mwachindunji.

Hub mungagule ya kampani, kapena kudzipangira ndi Home Assistant, pulogalamu yaulere yomwe Paulus Schoutsen anayamba mu 2013. Imayenda pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, pa kabokosi kawo ka Home Assistant Green, kapena pa laputopu yakale, yomwe ubwino wake ndi wakuti ili kale ndi batire. Mumawonjezera kachida ka Zigbee ka pa USB, ndipo malamulo onse amasungidwa m'nyumba mwanu. Apa m'pamene mungalembe lamulo lomwe taima singalikwanitse: giza ayake pokhapokha batire ya sola yadutsa 90 peresenti ndipo nthawi ili pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana.

Zolakwika zodziwika ndi zitatu. Memori khadi ya Raspberry Pi imaonongeka magetsi akathima pamene ikulemba, ndiye gwiritsani chosungira cha SSD m'malo mwake, komanso UPS, ndipo sungani kope la makonzedwe pa kompyuta ina. Kachida ka USB kakalowetsedwa pafupi ndi doko la USB 3.0 kapena rauta kamasokonezedwa. Kalumikizeni ndi chingwe cha mita imodzi kuti katalikire. Ndipo poti Zigbee ndi Wi-Fi zimakhala pa 2.4 GHz zonse, sankhani tchanelo tsiku loyamba: Wi-Fi pa 1 kapena 6, Zigbee pa 25. Kusintha pambuyo pake kungafune kulumikizanso zida zina chimodzichimodzi.

Mtengo weniweni wa njira iyi ndi nthawi ya munthu. M'nyumba mukhale wina wokonda kugwiragwira makompyuta, ndipo aliyense, ngakhale agogo kapena mlendo, azitha kuyatsa magetsi ndi swichi ya pakhoma hub itafa. N'chifukwa chake relay yobisika kuseri kwa swichi imaposa babu lanzeru: babu lanzeru limamva pokhapokha swichi yake ili yoyaka, ndipo m'banja simulephera wina wozimitsa.

Z-Wave, njira ina yonga Zigbee, tingoidutsa. Imalowa bwino m'makoma chifukwa imayenda pansi pa 1 GHz, koma ndi yodula, yosowa kuno, ndipo ya ku America ya 908 MHz siimvana ndi ya ku Ulaya ya 868 MHz.

SIM khadi: geti, munda ndi nyumba ya kumudzi

Komwe kulibe rauta, kapena chinthu chili kutali ndi nyumba, relay ya GSM, yoyendera netiweki ya foni, imaposa zonse. Chitsanzo chofala ndi RTU5024. Mumaikamo SIM ya TNM kapena Airtel, mumalembetsa manambala ololedwa kudzera pa SMS, mpaka 200. Mukaiimbira, imazindikira nambala, imadula foniyo isanayankhidwe, n'kutsegula geti, ndiye simulipira kalikonse. Imagwira ndi foni ya mabatani, siifuna bandulo, ndipo imayenda pa batire ya 12V ya geti lomwelo. Zina zamtunduwu zimayatsa pampu ya kumunda kudzera pa contactor, n'kutumiza SMS magetsi akathima, zomwe zimathandiza mwini khola la nkhuku kapena firiji ya nsomba.

Chotsani PIN pa SIM musanaiike. Muziikamo mayunitsi pang'ono ndi kutumiza SMS nthawi ndi nthawi, chifukwa SIM yongokhala imatsekedwa, ndipo mudzadziwira pa geti mvula ili pamutu. Zambiri zotchipa ndi za 2G yokha, ndiye yesani netiweki pamalopo, ndipo mlongoti wake ukhale kunja kwa bokosi lachitsulo. Bokosilo litsekedwe bwino pansi pomwe palowera mawaya: nyerere ndi nalimata zimakonda kutentha kwa mkatimo, ndipo nalimata mmodzi wogona pa bolodi amakwanira kulipsereza.

Muli ndi sola? Onani kaye inveta. Za Deye ndi Sunsynk zili ndi potulukira pa smart load pomwe mungaike giza kuti aziyaka batire ikafika mulingo womwe mwasankha ndi kuzima ikatsika, popanda chida china.

Matter ndi Thread

Vuto lakale la zida zimenezi ndi kusamvana: babu la kampani iyi, app yakeyake, pulagi ya kampani ina, app inanso. Matter ndi chilankhulo chimodzi chomwe Apple, Google, Amazon ndi Samsung anagwirizana pansi pa bungwe la Connectivity Standards Alliance, lomwe mpaka 2021 linkatchedwa Zigbee Alliance. Matter 1.0 inatuluka mu October 2022. Mu 2023 anawonjezera mafiriji ndi makina ochapira, mu May 2024 kuyeza mphamvu ya magetsi, ndipo mu November 2024 Matter 1.4 inabweretsa sola, mabatire ndi zotenthetsera madzi. Kwa ife mbali yomalizayi ndiyo yofunika, chifukwa ikulozera ku nyumba yomwe inveta, giza ndi pampu za makampani osiyana zizigawana mphamvu yochepa yomwe ilipo popanda munthu kudzuka usiku. Chinanso, malamulo a Matter amayenda mkati mwa nyumba, osadutsa kunja.

Matter imayenda pa Wi-Fi, pa chingwe, kapena pa Thread, yomwe ndi m'bale wa Zigbee pa wailesi koma sizimvana mwachindunji. Thread imafuna border router, chida choilumikiza ku netiweki ya m'nyumba, monga HomePod mini kapena Nest Hub yachiwiri, zomwe ndi ndalama zina. Kulembedwa kwa chinthu mu Matter sikutanthauza kuti chafika m'sitolo; mainveta ndi magiza olankhula Matter akadali osowa. Marauta ena otchipa amavutanso ndi IPv6, njira yopatsira zida maadiresi, yomwe Matter imadalira. Maganizo athu: mukapeza zida ziwiri zofanana mtengo, tengani ya chizindikiro cha Matter, ndipo sungani QR code yake poti mudzaifuna polumikizanso. Koma musachedwetse taima ya giza podikira tsogolo.

Makamera ndi zitseko

Kamera yotumiza zithunzi pa intaneti osalekeza, pa liwiro la megabit imodzi pa sekondi, imadya pafupifupi 10.8 GB pa tsiku. Ijambulire pa memori khadi kapena pa kabokosi kosungira zithunzi ka NVR m'nyumba, izitumiza uthenga pokhapokha yaona choyenda. Sinthani pasiwedi yomwe inabwera nayo tsiku lomwelo. Mu October 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalanda makamera ndi marauta ochuluka omwe eni ake sanasinthe pasiwedi, n'kuwagwiritsa ntchito kugwetsa makompyuta a kampani ya Dyn, omwe ankalondolera anthu ku masamba a pa intaneti, moti Twitter ndi Netflix zinavuta kutseguka ku America. Zida zotchipa ziikeni pa Wi-Fi ya alendo, zisakhale pamodzi ndi kompyuta ya ntchito, kupatula zomwe mukufuna kuzilamula kudzera pa rauta. Loko wanzeru wopanda kiyi wamba sitikumulimbikitsa pa chitseko chachikulu.

Zida zimenezi nazo zimadya. Pulagi ya Wi-Fi imakoka pafupifupi wati imodzi ili chikhalire, omwe ndi mayunitsi 0.7 pa mwezi. Makumi awiri ndi mayunitsi 14. Kuika pulagi yanzeru pa babu la mawati 5 n'kutaya ndalama, pamene chida chanzeru choyatsa giza kudzera pa contactor chimadzilipira chokha. Nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, ziphaliwali zimapha zida zotere mwaunyinji, ndiye surge protector, chida choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, m'bokosi la DB ndi waya wa earth wolowa bwino m'nthaka zibwere zida zisanabwere.

Wochita lendi agule za pa soketi zokha, zomwe angazule posamuka: fridge guard, pulagi imodzi kapena ziwiri za Wi-Fi zoyeza mayunitsi, ndi UPS ya rauta. Mwini nyumba ya giza ndi thanki ayambe ndi taima ya batire, contactor ndi ma float awiri, kenako relay ya GSM pa geti. Zigbee ndi Home Assistant ndi za nyumba yomwe ili kale ndi inveta komanso munthu woisamalira. Amene akumanga, auze mmisiri akokere neutral ku swichi iliyonse ndi kuika mabokosi akuya a mamilimita 47, makoma asanapakidwe pulasitala.

Musanamalize kulipira mmisiri, yesani limodzi naye. Chotsani SIM kapena chingwe cha intaneti pa rauta, muone ngati foni ikulamulabe zida ndiponso ngati ndandanda ikuyenda. Zimitsani rauta yonse, muyese maswichi a pakhoma. Kenako gwetsani main switch kwa mphindi khumi, muidzutse intaneti ikadali yochotsedwa, muyendere chipinda ndi chipinda mukulemba chomwe chadzuka choyaka, chomwe chadzuka chozima, ndi nthawi yomwe taima ikuonetsa. Giza atayaka kwa ola limodzi, gwirani chivindikiro cha DB pafupi ndi contactor: kufunda pang'ono n'kwabwino, koma pakatentha moti dzanja silingakhalepo, kapena pakamveka fungo la pulasitiki, mmisiri azimitse n'kumanganso masikuluwu a mawaya.